Kalembedwe ka Antchito m'Mabungwe Osamalira Anthu Amene Sadzera ku Civil Service Commission

Mumzinda wa Lilongwe, momwe kalembera wa chaka cha 2018 adapeza anthu 989,318, ntchito yosamalira ovutika imagwiridwa ndi anthu ochuluka amene sadalembedwe ntchito m'njira imodzi. Mlangizi woyendera mwana wochitiridwa nkhanza ku Kawale, mlezi wa pasukulu ya mkombaphala ku Chinsapo, kalaliki wolemba maina a mabanja osowa ku Mgona ndi mphunzitsi wa ntchito zamanja wa anthu aulumali, onsewa pakamwa pa anthu amangotchedwa "a boma". Koma mwa iwo ndi ena okha amene adadzera m'ndondomeko yolembera antchito a boma. Ena adalembedwa ndi bodi ya bungwe lawo, ena ali pa kontirakiti ya pulojekiti, ena ndi a mipingo ndi mabungwe omwe si aboma, ndipo ena ndi ongodzipereka.

Kusiyana kumeneku kumakhudza wofuna ntchito, amene ayenera kudziwa khomo lenileni lolowera. Kumakhudza wantchito, amene ayenera kudziwa bwana wake ndi ufulu wake. Kumakhudzanso banja lolandira thandizo, lomwe liyenera kudziwa kokadandaula zinthu zikalakwika. Mfundo yaikulu ndi yakuti bungwe likapatulidwa ku ndondomeko ya Civil Service Commission silikhala pamwamba pa lamulo. Chimene chimasintha ndi wolemba ntchito ndi liwiro lake, koma chilungamo polemba ntchito chimafunika chimodzimodzi.

Njira yolembera antchito a boma

Malamulo oyendetsera dziko lino, omwe adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994, amakhazikitsa bungwe la Civil Service Commission m'mutu wa 20. Bungweli lili ndi mphamvu zolemba anthu ntchito m'maunduna ndi m'nthambi za boma, kuwatsimikizira pa maudindo awo, kuwapatsa chilango ndiponso kuwachotsa ntchito. Lamulo la Public Service Act, la chaka chomwecho, limalamula kuti munthu alowe kapena akwere pa ntchito ya boma chifukwa cha luso, nzeru ndi kuthekera kwake, atapikisana ndi anzake poyera ndi mwachilungamo, nzika iliyonse itapatsidwa mwayi wofanana.

Unduna uliwonse uli ndi mndandanda wa maudindo ovomerezeka. Mpata ukapezeka, mlembi wamkulu wa undunawo amapempha chilolezo ku nthambi yoona za antchito a boma ya Department of Human Resource Management and Development, ndipo pamafunikanso chitsimikizo chakuti ndalama zolipirira udindowo zilipo. Zikatero mpatawo umalengezedwa, makalata amasankhulidwa, oyenera amaitanidwa ku mayeso, ndipo wopambana amalandira kalata yomulemba ntchito. Amayamba wagwira kaye ntchito kwa nthawi yoyesedwa asadatsimikizidwe pa udindowo. Malipiro amatsata magiredi a boma. Kawirikawiri wa digiri amayambira pa giredi I, wa dipuloma pa giredi K, ndipo wa satifiketi pa giredi M. Wantchito wotsimikizidwa amatha kusamutsidwira boma lililonse m'dziko muno ndipo amapuma pa ntchito akakwanitsa zaka 60.

Si antchito onse a boma amene amadzera ku bungwe limodzili. Maudindo a m'magiredi a m'munsi amaonedwa ndi makomiti a m'maunduna omwe adapatsidwa mphamvu zolemba ndi kulanga antchito. Alembi akuluakulu a maunduna ndi akazembe amasankhidwa ndi Mtsogoleri wa Dziko. Oweruza milandu, apolisi, asilikali a ndende, aphunzitsi ndi antchito a zaumoyo ali ndi mabungwe awoawo owalemba ntchito, ndipo antchito a m'makhonsolo amaonedwa ndi bungwe la Local Government Service Commission. Mabungwe onsewa ndi nthambi za mtengo umodzi wa ntchito ya boma.

Ndondomekoyi idakonzedwa ndi cholinga. Imateteza ntchito ya boma ku tsankho la mtundu, chigawo, chipembedzo kapena chipani, ndipo imachititsa kuti ofesi isagwedezeke boma likasintha. Mtengo wake ndi nthawi. Kuchokera pa tsiku lopempha chilolezo kufikira tsiku limene wantchito watsopano akhala pampando pamatha kudutsa miyezi yambiri, pomwe mwana wogona m'misewu kapena banja lomwe nyumba yake yagwa ndi mvula silingadikire nthawi yotere. Apa ndi pamene padachokera ganizo lopatula mabungwe ena.

Tanthauzo la kupatula bungwe

Bungwe lopatulidwa ndi lomwe limagwira ntchito yothandiza anthu m'dzina la boma kapena mogwirizana ndi boma, koma limalemba, kulipira ndi kuchotsa antchito ake potsata malamulo akeake a ntchito. Palibe mkulu wa ofesi amene angapatule bungwe mwa kufuna kwake. Kupatula kumachokera m'lamulo lokhazikitsidwa ndi Nyumba ya Malamulo, kapena m'pangano lovomerezeka pakati pa boma ndi abwenzi ake pa chitukuko, kapena m'chikhalidwe cha bungwelo ngati lili la mpingo kapena loima palokha.

Zifukwa zopatulira zimakhala zitatu. Choyamba ndi changu, pakuti bodi ya bungwe imatha kulengeza mpata ndi kulemba munthu m'masabata ochepa. Chachiwiri ndi luso, chifukwa akatswiri ena, monga owerengera ndalama, mainjiniya ndi odziwa makompyuta, savomera malipiro a m'magiredi a boma. Chachitatu ndi nthawi ya ntchitoyo. Pulojekiti ya zaka zisanu sifunika antchito okhazikika amene boma lidzawalipire mpaka kupuma kwawo.

Chitsanzo cha MASAF

Chitsanzo chodziwika kwambiri m'dziko muno ndi thumba la chitukuko la Malawi Social Action Fund, lomwe anthu amalidziwa ndi dzina loti MASAF. Thumbali lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1995, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, ngati gawo la ndondomeko yothetsa umphawi. M'chaka cha 1996 Banki Yaikulu pa Dziko Lonse idavomereza ngongole ya madola 56 miliyoni ya gawo loyamba, ndipo gawo lachiwiri lidatsatira mu 1998.

Ganizo la thumba lotere silidayambire kuno. Dziko la Bolivia lidakhazikitsa thumba loyamba la mtunduwu m'chaka cha 1986 pofuna kuthandiza anthu amene adavutika ndi kusintha kwa ndondomeko za chuma, ndipo antchito ake adali kunja kwa malamulo a ntchito ya boma. Dziko la Zambia lidayamba pulojekiti yofanana nayo mu 1991, yomwe idalowedwa m'malo ndi ZAMSIF mu 2000. Chaka chomwecho dziko la Tanzania lidakhazikitsa TASAF litaphunzira zambiri ku Malawi.

MASAF idaikidwa pansi pa ofesi ya Mtsogoleri wa Dziko ndi Nduna, osati pansi pa unduna wina uliwonse, ndipo idali ndi ofesi yoyendetsa ntchito yokhala ndi ufulu wake. Antchito a ofesiyo adalembedwa pa kontirakiti atapikisana, ndipo malipiro awo adali oposa a anzawo a m'maunduna. Ndalama zinkapita ku makomiti osankhidwa ndi anthu eni ake, omwe ankatsegula akaunti ku banki, kugula zipangizo ndi kulemba amisiri, pomwe anthu a m'deralo ankasonkha njerwa, mchenga ndi mphamvu zawo. Mwa njira imeneyi mudamangidwa midadada ya sukulu, nyumba za aphunzitsi, milatho ndi mijigo m'maboma onse. Ntchito zolambula misewu zolipidwa zidazika mizu kotero kuti mpaka lero anthu ambiri amatchula ganyu aliyense wa boma wa mtunduwu kuti "masafu". Pambuyo pake thumbali lidayambanso kuthandiza magulu osamalira ana amasiye, okalamba ndi anthu aulumali.

Changu cha MASAF chidaoneka ndi maso, koma chidabwera ndi mafunso. M'chaka cha 1998 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, zomwe zidapereka udindo wa chitukuko ku makhonsolo. Tsono padali njira ziwiri zoyenda moyandikana: ya khonsolo, yokhala ndi udindo koma yosowa ndalama ndi antchito, ndi ya thumba, yokhala ndi ndalama, magalimoto ndi akatswiri. Antchito a boma amene ankayang'anira mapulojekiti m'madera ankagwira ntchito limodzi ndi anzawo olipidwa bwino kuposa iwo. Nkhawa yomweyi idalinso m'maiko ena, kotero kuti pa pangano la ku Paris la chaka cha 2005 maiko opereka thandizo adalonjeza kuchepetsa maofesi a mapulojekiti oyenda paokha ndi magawo awiri mwa atatu pofika 2010.

Kuyambira m'gawo lachitatu la MASAF, lomwe lidayamba mu 2003, ntchito zambiri zidasamutsidwira m'manja mwa makhonsolo. Kenako ofesi ya thumbali idasanduka ya Local Development Fund, ndipo m'chaka cha 2018 idaphatikizidwa ndi bungwe la National Local Government Finance Committee, lomwe limayang'anira chuma cha makhonsolo. Bungwe la COMSIP, lomwe limalimbikitsa magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, ndi mphukira ina ya MASAF yomwe idaima payokha. Phunziro la mbiriyi ndi lakuti kupatula kumathandiza kuyambitsa ntchito mwachangu, koma ntchito yofunika kukhalitsa imabwerera ku maofesi okhazikika.

Mabungwe okhazikitsidwa ndi lamulo

Njira ina yopatulira ndi yokhalitsa. Nyumba ya Malamulo imakhazikitsa bungwe, nilipatsa bodi ndi mphamvu zolemba antchito ake. Pa nkhani ya chisamaliro cha anthu, chitsanzo chakale ndi bungwe la MACOHA, lomwe lidabadwa ndi lamulo la chaka cha 1971 loona za anthu aulumali. Bungweli lakhala likuyendetsa sukulu zophunzitsa ntchito zamanja ku Magomero ndi ku Lilongwe, fakitale yoluka nsalu ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, ndi ntchito zothandiza anthu aulumali m'madera momwe akukhala. M'chaka cha 2024 lamulo latsopano la Persons with Disabilities Act lidalowa m'malo mwa lamulo la 1971 ndi la 2012, ndipo MACOHA idasanduka MACODA, yokhala ndi udindo wowonjezera woteteza ufulu wa anthu aulumali.

Wantchito wa bungwe lotere si wantchito wa unduna. Kalata yake imachokera ku bungwelo, malipiro ake amatsata magiredi a bungwelo, ndipo mlandu wake wa pa ntchito umazengedwa ndi akuluakulu kapena bodi ya bungwelo. Komabe bungwelo limadya ndalama za misonkho. Ndi chifukwa chake limayang'aniridwa ndi unduna wake pamodzi ndi nthambi yoona za makampani ndi mabungwe a boma, ndipo mabuku ake a ndalama amafufuzidwa monga mwa malamulo a chuma cha boma. Bungwe la National AIDS Commission, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2001, limalembanso antchito ake lokha mwa njira yofanana.

Magulu a antchito amene anthu amakumana nawo m'malokeshoni

Ku Biwi, ku Area 23 kapena ku Area 25, munthu wofuna thandizo angakumane ndi magulu asanu a antchito.

Gulu loyamba ndi la alangizi a zachisamaliro cha anthu ndi a chitukuko cha m'madera. Awa ndi antchito a boma okhazikika. Ambiri adaphunzira ku koleji ya Magomero m'boma la Chiradzulu, ndipo ena ali ndi madigiri a ku University of Malawi kapena ku Catholic University. Chifukwa cha ndondomeko ya mphamvu ku anthu, iwo amagwira ntchito pansi pa khonsolo. Lamulo loteteza ana la chaka cha 2010 limapereka udindo waukulu kwa iwo, monga kufufuza za mwana wosowa chisamaliro ndi kupereka malipoti ku khoti la ana. Udindo wokhudza ufulu wa mwana ndi banja lake motere umafuna munthu wolembedwa mwa lamulo, wodziwika bwana wake, amene angafunsidwe akalakwitsa.

Gulu lachiwiri ndi la antchito a mabungwe okhazikitsidwa ndi lamulo, monga MACODA.

Gulu lachitatu ndi la antchito a pa kontirakiti m'mapulojekiti a boma. Mliri wa Covid-19 utasokoneza geni ndi maganyu, boma lidapereka K35,000 pa mwezi kwa miyezi itatu m'chaka cha 2021 kwa mabanja osowa a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba kudzera pa lamya za m'manja. Kalembera wa mabanja pa ntchito ngati imeneyi amafuna anthu ambiri kwa masabata ochepa chabe, ndipo sizingatheke kuwalemba onse ngati antchito okhazikika. Kontirakiti ikatha, ntchito yatha. Kugwira nawo kalembera sikupatsa munthu ufulu wolowa m'boma popanda mpikisano.

Gulu lachinayi ndi la antchito a mipingo ndi mabungwe omwe si aboma, amene amayendetsa malo osamalira ana, nyumba zosungira amayi ochitiridwa nkhanza ndi magulu a achinyamata. Mabungwewa amalembetsedwa ku NGORA potsata lamulo la mabungwe omwe si aboma, lomwe lidakonzedwanso mu 2022, koma antchito awo amalembedwa ndi eni mabungwewo.

Gulu lachisanu, lomwe ndi lalikulu koposa, ndi la ongodzipereka: alezi a sukulu za mkombaphala, ambiri mwa oteteza ana m'madera, ndi mamembala a makomiti osiyanasiyana. Pologalamu ya Mtukula Pakhomo, yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006 ndi kufika m'maboma onse 28 pofika 2018, imadalira makomiti a anthu otere pothandiza kupeza mabanja osaukitsitsa ndi opanda wogwira ntchito. Ongodzipereka amasankhidwa ndi anthu a m'dera lawo. Ena amalandira kangachepe kowathokoza, koma kangachepeko si malipiro, ndipo kudzipereka kwa zaka zambiri si lonjezo la ntchito.

Ubwino ndi zovuta zake

Ubwino wa kupatula umaoneka msanga pa nthawi ya ngozi. Madzi osefukira, kolera kapena njala zikagwa, bungwe lotha kulemba anthu mwachangu limafika msanga kwa ovutika. Limathanso kulemba anthu a m'dera lomwelo, odziwa tinjira ta ku Chinsapo ndi atsogoleri a mabuloko a ku Mgona, pomwe wantchito wa boma amatumizidwa kulikonse komwe kuli mpata. Kontirakiti imathandizanso kuti wosagwira bwino ntchito asapitirire nayo.

Zovuta zake nazo ndi zenizeni. Pamene chipata chili chofewa, mwayi wokondera abale, anansi ndi a chipani umakula. M'chaka cha 2021 ofesi ya Ombudsman idafufuza kalembedwe ka antchito m'mabungwe ena a boma ndipo idapeza anthu amene adalembedwa mosatsata ndondomeko, nilamula kuti zimenezo zikonzedwe. Vuto lachiwiri ndi kusiyana kwa malipiro, komwe kumakoka akatswiri kuchoka m'maunduna ndi m'makhonsolo, ofesi yokhazikika nitsala yopanda anthu. Vuto lachitatu limagwera wantchito mwiniwake, amene sadziwa za mawa thandizo la kunja likaima. Vuto lachinayi limagwera wothandizidwa. Mlandu wa mwana wogwiriridwa kapena wolandidwa chuma cha masiye umatenga nthawi, ndipo wantchito amene amaudziwa bwino akachoka pakutha pa pulojekiti, banja limayambiranso kufotokoza kwa mlendo.

Gawo la zaumoyo lidakumana ndi vuto lofanana ndipo lidasankha njira yapakati. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 boma lidakhazikitsa bungwe la Health Service Commission kuti liziona za antchito a zaumoyo okha, ndipo kuyambira cha m'ma 2005 magulu 11 a antchitowa adawonjezeredwa malipiro ndi 52 pa 100 iliyonse mothandizidwa ndi abwenzi a dziko lino. Zipatala za mipingo zomwe zili pansi pa CHAM zimalemba antchito awo zokha, koma boma limalipira malipiro awo mwa pangano. Izi zikusonyeza kuti changu ndi malipiro abwino zingapezeke popanda kutulutsiratu antchito m'dongosolo la boma.

Malamulo amene sapatula bungwe lililonse

Malamulo oyendetsera dziko lino amaletsa tsankho m'ndime 20, amapereka ufulu wogwira ntchito mwachilungamo m'ndime 31, ndipo m'ndime 43 amapatsa munthu aliyense ufulu woti chiganizo chomukhudza cha ofesi ya boma chikhale chotsata lamulo, chachilungamo ndi chopereka zifukwa molemba.

Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limakhudza boma, mabungwe ake ndi olemba ntchito omwe si aboma. Limazindikira kontirakiti yopanda malire a nthawi, ya nthawi yodziwika ndi ya ntchito yodziwika. Limaletsa kuchotsa munthu ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo wantchito woimbidwa mlandu wa khalidwe kapena wa kagwiridwe ka ntchito ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Limanenanso kuti kontirakiti ya nthawi yodziwika ikamagwiritsidwa ntchito potseka mpata wa udindo wokhazikika wa bungwe, imatengedwa ngati yopanda malire a nthawi.

Lamulo la penshoni, lomwe lidayamba mu 2011 ndi kukonzedwanso mu 2023, limalamula olemba ntchito kuika antchito awo pa thumba la penshoni, kupatula magulu ochepa amene lamulolo lidawatchula. Wolemba ntchito amasonkha 10 pa 100 iliyonse ya malipiro ndipo wantchito amasonkha 5.

Lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la chaka cha 2013 limalamula kuti polemba antchito a boma, amuna kapena akazi asachepere 40 ndipo asapitirire 60 pa anthu 100 alionse, pokhapokha ngati oyenera sadapezeke. Limalamulanso kuti pakhale ndondomeko zothana ndi nkhanza zokhudza kugonana pa malo a ntchito. Lamulo la 2024 la anthu aulumali limaletsa kukaniza munthu ntchito chifukwa cha ulumali wake.

Lamulo lothana ndi katangale la chaka cha 1995 limakhudza antchito a mabungwe a boma monga momwe limakhudzira a m'maunduna. Kupempha, kulandira kapena kupereka chiphuphu kuti munthu alembedwe ntchito ndi mlandu, chimodzimodzinso kugwiritsa ntchito udindo molakwika pokondera wachibale. Ndipo kuyambira pa 30 Sepitembala 2020, pamene lamulo lopatsa anthu ufulu wodziwa zinthu lidayamba kugwira ntchito, nzika ili ndi ufulu wopempha bungwe la boma kuti lifotokoze ndondomeko yomwe lidatsata polemba antchito.

Zoyenera kudziwa ofuna ntchito ndi makolo awo

Achinyamata ambiri a m'malokeshoni a Lilongwe ali ndi masatifiketi koma alibe ntchito, ndipo akathyali amapezerapo mwayi. Bodza lawo lalikulu limatsamira pa nkhani yomweyi ya kupatula. Amauza munthu kuti ntchito ya pulojekiti siidzera ku Civil Service Commission, choncho imangofunika kudziwana ndi bwana ndiponso kandalama kotsegulira khomo. Mlimi amagulitsa mbuzi kapena matumba a soya, mayi wa geni amachotsa mpamba wa tomato ndi usipa, kuti mwana apeze ntchito yomwe kulibe.

Palibe ntchito ya boma, ya bungwe la boma kapena ya pulojekiti ya boma imene imagulidwa. Fomu, mayeso ndi kalata yolembera ntchito sizilipiridwa. Mpata weniweni umalengezedwa m'nyuzipepala, pa wailesi, pa tsamba lovomerezeka la bungwelo pa intaneti, kapena pa bolodi la zidziwitso ku khonsolo, ndipo chilengezocho chimatchula dzina la wolemba ntchito, maphunziro ofunika, mtundu wa kontirakiti, keyala ndi tsiku lotsekera. Chilengezo chongoyenda pa WhatsApp kapena pa Facebook, chokhala ndi nambala ya lamya ya munthu ndi pempho lotumiza ndalama, chiyenera kukatsimikizidwa ku ofesi ya bungwelo munthu asadachite kanthu. Masatifiketi enieni ndi chiphaso cha unzika zisasiyidwe m'manja mwa munthu wapanjira.

Wolembedwa ntchito alandire kalata kapena kontirakiti yolembedwa, yosonyeza bwana wake, malipiro, kutalika kwa ntchitoyo, za penshoni ndi njira yothetsera kontirakitiyo. Wopemphedwa kudzipereka afunse poyera ngati pali kangachepe, amene akupereka ndi nthawi yomwe kadzathere. Pakhomo pakafika munthu wonena kuti akulemba maina a olandira thandizo, eni nyumba ali ndi ufulu womufunsa chiphaso chake ndi dzina la ofesi yomwe yamutuma, ndiponso kufunsa kwa mtsogoleri wa buloko kapena khansala wa dera lawo ngati kalemberayo ndi wodziwika. Kulembedwa m'kaundula wa olandira thandizo nakonso sikulipiridwa.

Kokatula madandaulo

Wantchito wa boma wokhazikika amayamba ndi mkulu wa ofesi yake, kenako bungwe lomwe lidamulemba ntchito. Wantchito wa bungwe lopatulidwa kapena wa pulojekiti amayamba ndi akuluakulu ndi bodi ya bungwelo. Zikakanika, ofesi ya zantchito ya m'boma la Lilongwe imayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo khoti la Industrial Relations Court limaweruza milandu ya pa ntchito. Ofesi ya Ombudsman imalandira kwaulere madandaulo a kupanda chilungamo m'maofesi ndi m'mabungwe a boma, kuphatikizapo kalembedwe kokondera. Nkhani za ziphuphu zimapita ku bungwe la Anti-Corruption Bureau, lomwe lili ndi nambala yaulere ya 113, ndipo woberedwa ndalama ndi wonamizira kulemba ntchito akanene ku polisi yapafupi. Mapologalamu othandiza osowa ali ndi makomiti olandira madandaulo m'madera ndi ku khonsolo. Ngati nkhaniyo ikukhudza mwana, nambala yaulere ya 116 imalandira malipoti, ndipo ku polisi kuli nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Funso loyamba pa madandaulo onsewa ndi limodzi: munthuyo adalembedwa ndi yani? Yankho lake ndi lomwe limasonyeza khomo loyenera kugogoda. Anthu onse akulimbikitsidwa kufunsa funso limeneli asadapereke mapepala awo, asadasaine kontirakiti ndiponso asadatchule maina a apabanja pawo kwa mlendo, pakuti akuluakulu adati safunsa adadya phula.